Gerishon Anawerenga Masiku Atatu

Gerishon Jailosi anakhala mlamu wanga pamudzi pano zaka khumi ndi zitatu. Sindinamukonde tsiku lomwe anabwera, ndipo lero sindimukondabe. Ndaneneratu kuti wowerenga asavutike kufufuza.

Kwawo ndi ku Lisungwi, kuchigwa kotentha kuja. Bambo ake ankawotcherera zitsulo pafupi ndi msika, iye n'kukulira pakati pa mawaya ndi mawailesi akufa. Sukulu analekeza Fomu 2. Luso la m'manja anali nalo, zimenezo sindikana. Foni yogwera m'madzi ankaidzutsa. Tochi, njinga, loko wa pachitseko, zonse ankakonza. Khasu ndiye ayi. Mzere wake unkayambira kum'mawa n'kukathera m'munda wa eni.

Anakwatira mlongo wanga Ruth n'kubwera kuno ku Nsambe kudzakhala chikamwini. Ine ndine Laimoni, mwini mbumba. Alongo anga ndi atatu, ana awo aakazi okwatiwa ndi asanu ndi atatu, aliyense ndi nyumba yake pa mtunda womwe anatisiyira amayi. Malo ndi a akazi amenewa, woyang'anira ndine. Mkamwini timamupatsa pomanga nyumba ndi polima. Za malo sayankha.

Chifikireni munthuyu ankangodandaula mphepo. Anali ndi jekete lachikopa lomwe sankavula ngakhale mu Okutobala.

"Alamu, kuno kwanu si mudzi, ndi fani," ankatero.

Ena amachita nthabwala ndi alamu awo. Ine ayi.

Chaka chilichonse Khirisimasi ikangopita, iye ankatsikira kwawo. Nthawi ya mvula msewu wathu umaterera, anthu sabweretsa zokonzetsa, ndiye ankakathandiza pa ntchito ya bambo ake mpaka Epulo. Kupalira, kubandira, kuzula nyemba zoyamba, zonse ankasiyira Ruth. Zaka khumi ndi ziwiri sanagonepo pa mtunda uno mu Febuluwale.

Ine ntchito yanga inali yocheka matabwa. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuima m'dzenje pansi pa chipika, mnzanga ali pamwamba, sowo ili pakati pathu. Wa m'dzenje ndiye amaidziwa mphepo. Ikamawomba, utuchi umapita kumbali. Ikaleka, umakugwera m'maso. Kuyambira pakati pa Febuluwale mpaka Malichi atalowa ndinkacheka nditamanga nsanza kumaso. Masiku amenewo utsi wa m'makhitchini umakwera woongoka ngati nsungwi, nkhungu imagona m'zigwa mpaka masana. Zimatenga masabata awiri, zaka zina kuyandikira atatu. Akazi onse akudziwa. Tirigu amauluza mu Seputembala mosavuta, koma nyemba zoyamba amachita kupeta ndi lichero, chifukwa palibe chouluza makoko.

Chaka chatha mu Julayi kunabwera galimoto yoyera. Ndinali panja ndikunola sowo. Woyendetsa anatsitsa galasi, osatsika iye.

"Madala, nyumba ya a Gerishon okonza mafoni ndi iti?"

Ndinamulozera ndi mlomo.

Dzina lake anali Mathews, katswiri wa zamagetsi wa bungwe lina la ku Blantyre. Anakumana ndi Gerishon ku Lisungwi, Gerishon n'kumuuza kuti kwa akazi ake kuli mtunda womwe mphepo sigona. Bungwelo linkafuna nyumba imodzi yakutali ndi mawaya a magetsi kuti liyeserepo makina ake. Ndinanyamula sowo ndi tupa, n'kukakhala pa chitsa pafupi ndi khonde la Ruth. Palibe anandiitana. Palibenso akanandichotsa.

Mathews anayala mapepala pa mpando n'kuwapsinja ndi kapu ya thobwa, chifukwa mwera tsiku limenelo unali utakwiya.

"Tiimika mlongoti wa mapiko atatu," anatero. "Mphepo ikawazungulitsa, magetsi atuluka. Otsala sititaya. Alowa m'bokosi lomwe limaphwanya madzi n'kutulutsa mpweya woyaka, timati haidirojeni. Mpweyawo tiupanikiza m'masilinda achitsulo. Tsiku lopanda mphepo, bokosi lina liusandutsanso magetsi."

"Ndiye nkhokwe imeneyo," anatero Gerishon.

"Eya, koma ndi nkhokwe yodontha. Mukathiramo ndowa zitatu mudzatapamo imodzi. N'chifukwa chake ndikufuna mundiyankhe zoona pa mafunso awiri. Loyamba, muziyatsa chiyani?"

Gerishon anawerenga ndi zala. Mababu anayi. Mafoni awiri. Makina oswera mazira, omwe anali atapanga yekha ndi bokosi la firiji yakufa, akungosowa magetsi.

"Basi?"

"Basi, bwana."

Mathews analemba. Sanayang'ane n'komwe nyumba zina khumi zomwe zinali pamaso pake.

"Lachiwiri. Mphepo ikaleka kuno, imaleka masiku angati otsatizana?"

Gerishon anaseka n'kukoka zipi ya jekete mpaka m'khosi.

"Kuno? Bwana, tayang'anani mapepala anuwo. Ikapuma ndi tsiku limodzi. Ikapuma awiri ndiye kuti kumwamba kwagwa maliro."

Ruth anali atagwada akutolera makapu.

"Mu Febuluwale imasowatu, bambo a Tionge," anatero motsitsa mawu.

"Amake Tionge, izi ndi za magetsi, si za nyemba."

Mathews anaseka nawo.

"Tilembe atatu, kuchitira mwina."

Ine ndinali pa chitsa, mapazi asanu kuchokera pa mpando wawo. Nambala yoona ndinali nayo m'kamwa. Koma munthu wafika pa malo a amayi anga, wanditcha madala ali m'galimoto, wakafunsa mkamwini za mphepo yomwe ine ndinabadwiramo. Ndinapitiriza kunola sowo.

Asanapite, Mathews anamangirira pa nsungwi kachipangizo ka timakapu tozungulira, koyezera mphamvu ya mphepo. Kanakhala pamenepo Ogasiti ndi Seputembala, miyezi yomwe madenga amasasuka. Anadzakachotsa akuti nthawi yolemba lipoti yakwana. Kanamuuza zomwe anauzidwa kale.

Gerishon anabwera kwa ine zonse zitatha, chipewa chili m'manja.

"Alamu, ndimati ndipemphe pa chulu paja, tiimikepo mlongoti."

"Mwagwirizana kale ndi mlendo wanu. Tsopano mukupempha chiyani?"

"Ndi mwambo, alamu."

"Mwambo umayambira kutsogolo, osati kumatako."

Ndinalola chifukwa alongo anga ankafuna kuwala. Stelia, wonditsatira pobadwa, anandiuza kuti ndikakana azidzanditumizira mafoni a ana ake kuti ndiziwatchaja ndi mkwiyo wanga.

Mlongoti unaima mu Okutobala. Pambali pake anamanga kashedi ka waya, kopanda makoma kuti mpweya ukadontha uzithawa, ndipo analetsa moto ndi fodya pafupi. M'katimo munali mabokosi awiri aja ndi masilinda anayi otalika ngati munthu. Pa paipi panali wotchi ya singano imodzi. Singano ikaloza pamwamba ndiye kuti masilinda adzaza, chakudya cha masiku atatu. Ikagwera pofiira ndiye kuti atha. Anthu anautcha mlongotiwo Chizungulire.

Mathews pochoka ananena mawu amodzi omveka.

"A Gerishon, singano ifike pamwamba mvula isanakhazikike. Musawonjezere katundu."

Galimoto isanafike n'komwe kumtsinje, Stelia anali atabwera ndi mafoni anayi m'nsalu. M'mawa mwake mkamwini wa Stelia anabweretsa makina ometera n'kuika mpando pakhonde la Ruth. Kenako mphunzitsi wa pasukulu ndi kompyuta yake, akwaya ndi chimkuzamawu chawo, adzukulu anga ndi matochi. Sabata isanathe panali mafoni makumi atatu pa tebulo. Ine ndinapititsa wailesi yanga. Chulu ndi chathu.

Mkamwini sakaniza abale a mkazi wake. Akakana, mawa chitsime chomwe amatunga mkazi wake chimakhala ndi nkhani. Gerishon ankadziwa zimenezi pamene ankawerengera Mathews mafoni awiri. Anachita manyazi kuuza munthu wa m'tauni kuti pakhomo pake sapalamulira. Stelia atati akufuna babu m'nyumba mwake, anakoka waya. Mlongo wathu wamng'ono atamva, anakokanso wina. Pofika Disembala nyumba zisanu zinali pa mlongoti umodzi.

Singano sinafikepo pamwamba. Inkakwera pang'ono kupitirira theka n'kubwerera. Mathews akaimba foni kufunsa, Gerishon ankati, "Zili bwino, bwana, ili m'mwambamwamba."

Mu Novembala kunagwa chitopa. Nkhuku zinkafa zitaimirira. Tinakwirira mpaka kutopa. Matenda atadutsa, m'nyumba khumi ndi imodzi munatsala mathadzi khumi ndi asanu ndi anayi ndi atambala awiri. Kuno nkhuku si ndiwo chabe. Mwana akadwala, mlendo akabwera, pamaliro, pachinkhoswe, mkazi amayang'ana m'khola. Mkazi wopanda nkhuku amapempha chilichonse.

Khirisimasi inapita, Gerishon sanatsikire kwawo. Aka kanali koyamba. Kumapeto kwa Januwale mathadzi aja atayamba kuikira, anasonkhanitsa akazi onse pabwalo la Stelia.

"Thadzi limodzi limafungatira mazira khumi," anatero, "kenako limayenda ndi anapiye miyezi iwiri osaikira. Mukatero khola lidzadzaza liti? Ndipatseni mazira onse. Makina aswa kamodzi, nkhuku zizipitiriza kuikira. Pofika Juni aliyense adzakhala ndi khola."

Akazi anayang'anana. Zinkamveka.

"Nanga zofuna kufungatirazo?" anafunsa Stelia.

"Ziviikeni m'madzi ziiwale."

Ndiye mmene timachitira kuno. Thadzi likayamba kukhalira pachisa iwe usakufuna, umaliviika m'ndowa ya madzi ozizira kawiri katatu, limadzuka n'kuiwala. Akazi anaviika onse omwe anayamba. M'masiku khumi anatolera mazira zana limodzi ndi makumi anayi. Aliyense analemba chizindikiro chake ndi pensulo: Stelia mtanda, Ruth mizere iwiri, ena madontho.

Tsiku loika mazira linali pa 6 Febuluwale. Ndinapita.

"Alamu, makina anuwa afuna masiku angati?"

"Makumi awiri ndi limodzi."

"Osazima?"

"Osazima. Akazizira tsiku lathunthu ndiye kuti zatha."

"Mazira awa ndi mbewu yomaliza ya pamudzi pano. Akasukusa, mutenge jekete lanu muzipita kwanu ku Lisungwi. Ndanena pamaso pa anthu."

Gerishon anamwetulira.

"Akaswa, alamu, jeketeli mudzavala ndinu, kupita nalo kutchalitchi."

Akazi anaseka. Ruth sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, akudikira kuti ndinene china. Ndinali nditawerenga kale: masiku makumi awiri ndi limodzi akathera pa 27. Ndinamuuza Gerishon chodzamuchitikira iye. Chodzachitika kumwamba sindinamuuze.

Masiku khumi anayenda bwino. Iye ankatembenuza mazira katatu patsiku, akuwayankhula ngati ana. Tsiku la khumi ndi limodzi ndinatuluka m'mawa n'kuyang'ana khitchini ya Stelia. Utsi unali njo. Ndinayang'ana pachulu. Mapiko anali duu, khwangwala atatera pa limodzi.

Singano inali pa theka. Tsiku lonselo mafoni anatchajidwa monga mwa masiku onse, anthu anameta, chifukwa Gerishon ankati mawa ibwera. Mawa silinabwere nayo. Singano inali itatsika kwambiri.

Masana a tsiku lachiwiri lopanda mphepolo anatenga pulayala n'kuyamba kuyenda nyumba ndi nyumba akudula mawaya. Stelia anamutsatira akukuwa.

"Taonani mkamwini akudula waya wa mwini mudzi! Mwabwera ndi dothi kuchokera kwanu inu? Chulucho ndi cha amanu?"

"Alamu, mazira anu omwe ndikuteteza."

"Mazira anga anali ndi make! Munati ndimuviike ndinu!"

Kwa ine anabwera ndi wailesi m'manja n'kuiika pakhonde.

"Iyinso iyambe yapuma."

"Mwayamba liti kulamula pamudzi pano?"

"Lero, alamu. Mochedwa."

Zimenezo ananena zoona. Akanakana mu Okutobala, masilinda akanakhala odzaza. Komabe odzazawo anali a masiku atatu.

Tsiku lachitatu singano inagwera pofiira, bokosi linalira kawiri n'kuzima. Gerishon anakwera pachulu pomwe pamagwira netiweki n'kuimbira Mathews. Mawu ankamveka mpaka pomwe ndinakhala.

"Munati masiku awiri, a Gerishon! Ine ndinawonjezera limodzi!"

"Bwana, bweretsani jenereta."

"Ndidutsa pati? Galimoto zikugona m'matope. Wiritsani madzi, thirani m'mabotolo, ikani m'bokosimo. Mwina mawa iwomba."

Anayenda wapansi kukabwereka batire la galimoto kumsika, kupita ola limodzi, kubwera awiri, litasenzedwa pamutu. Linagwira kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, n'kufa. Anayenda m'makola onse kufuna thadzi lofungatira. Onse anali oviikidwa, akungoyendayenda pabwalo opanda nkhawa. Analipeza limodzi kutsidya kwa mtsinje, kwa mayi wina wachilendo kwa ife, yemwe analola kuikira mazira khumi ndi awiri pansi pake.

Otsalawo anakhala pa madzi otentha. Ruth ankawiritsa ndi nkhuni zonyowa, maso ali psuu ndi utsi. Gerishon ankasintha mabotolo ola lililonse, akuyesa kutentha ndi chikope cha diso chifukwa choyezera cha makina chinazima limodzi ndi magetsi. Anafunditsa bokosi mabulangeti onse a m'nyumba. Kenako anavula jekete n'kufunditsanso. Ndinaona mikono yake koyamba. Inali yowonda ngati mipini ya nkhwangwa zazing'ono.

Tsiku lachinayi anakwera mlongoti n'kuyamba kuzungulitsa mapiko ndi dzanja. Akazi anasiya kupeta nyemba n'kumaonerera.

"Uzirani ndi pakamwa, alamu!" anakuwa Stelia. "Paja pakamwa ndiye muli napo!"

Anatsika manja atachekeka. Singano sinasunthe.

Tsiku lachisanu anabwera kwanga. Sanakhale pansi. Ndevu zinali zitamera, maso atalowa.

"Alamu, imabwera liti?"

"Chiyani?"

"Mphepo."

Zaka khumi ndi zitatu, limeneli linali funso lake loyamba kwa ine lokhudza mtunda uno.

"Malichi akalowa. Nthawi zambiri imakhala masabata awiri. Chaka china inakhala masiku khumi ndi asanu ndi anayi."

Anandiyang'ana ngati ndamumenya ndi mpini.

"Munkadziwa."

"Aliyense akudziwa. Ndinu nokha mumathawa Febuluwale."

"Munali pa chitsa paja. Munamva Mathews akufunsa."

"Anafunsa inu."

"Tsiku loika mazira lija munalipo. Bwanji simunanene?"

"Munandifunsa?"

Anapukuta kumaso ndi dzanja lochekekalo.

"Ndinu munthu woipa, alamu."

"Inu ndinu wopusa. Mkazi wanu anakuuzani, munamuyankha za nyemba."

Anabwerera ku mabotolo ake. Ndikanakhala ine ndikanaleka tsiku lomwelo, chifukwa nkhani inali itatha. Iye anapitiriza mpaka mazira anakwanitsa masiku makumi awiri ndi limodzi, n'kuwonjezeranso awiri. Kupusa kwake kunali kolimba, zimenezonso sindikana.

Kutsidya kuja thadzi linaswa anapiye asanu ndi anayi. M'bokosi munatuluka khumi ndi anayi, asanu mwa iwo miyendo yotagalala, ndipo anafa tsiku lomwelo. Onse pamodzi anatsala khumi ndi asanu ndi atatu. Mazira ena onse anasukusa. Mabotolo ankatentha kwambiri pakona imodzi, pakona ina pakuzizira.

Gerishon anakumba dzenje kuseri kwa nyumba yake. Akazi anabwera osaitanidwa n'kuima mozungulira, atatseka mphuno ndi nsalu. Iye akatola dzira, mwini wake ankaona chizindikiro n'kunena kuti, "Langa." Ena ankaphulika asanafike pansi. M'kati munali anapiye athunthu, a nthenga ndi milomo. Fungo linakhala pamudzi masiku atatu, popeza panalibe mphepo yolichotsa.

Inabwera pa 5 Malichi, itasowa masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Mapiko anayamba kuzungulira masana, mababu a nyumba ya Ruth n'kuyaka okha dzuwa likuswa mtengo.

Lamlungu lotsatira tinakhala pabwalo la Stelia. Ankhoswe a mbali zonse anabwera. Sindinachulutse mawu.

"Ndinanena pamaso pa anthu. Anthu ake ndi omwewa."

"Azipita," anatero Stelia. "Atisiyira makola a mphepo."

Nkhoswe ya kwawo inayamba kupepesa. Gerishon anaigwira pa bondo.

"Musavutike, amalume. Ndinalakwa kuwerenga. Ndipita."

Ndinkaganiza kuti zathera pamenepo. Ruth anadzuka pa mphasa. Mkazi pa mlandu amayankhula atakhala pansi. Iye anaimirira.

"Achimwene, ine ndinanena kawiri. Koyamba pamaso pa mlendo uja, kachiwiri m'nyumba tsiku loika mazira lisanafike. Sanandimve chifukwa ndine mkazi wawo. Inu mukanangotsegula pakamwa kamodzi, akanamva. Mathews akanamva. Munakhala pa chitsa n'kumanola sowo."

"Sindinafunsidwe."

"Mazira anali a alongo anu. Mbumba yomwe mumati mumayang'anira ndi iti? Munaona dzenje, n'kutisiya tonse tigweremo kuti mlamu wanu athyoke mwendo."

"Khala pansi, Ruth."

"Ndikakhala ku Lisungwi. Akapita, ndipita nawo."

"Mkazi sasiya malo a amake."

"Muzilima ndinu."

Stelia anayamba kulira, akutukwana Gerishon, kenako akutukwana ine. Ankhoswe anayesa kundipempha kuti ndibweze mawu. Mawu anga sindibweza, ndipo Ruth ndi mwana wa amayi anga omwewo.

Anadikira kuti msewu uume. Mu Epulo anakwera lole ya mbatata: Gerishon, Ruth, mwana wawo Tionge, bokosi la zipangizo, ndi katoni yoboolaboola momwe munali anapiye awiri, gawo la Ruth. Makina oswera mazira anawasiya pakhonde. Jekete anavala. Sanatsanzike kwa ine, inenso sindinatuluke.

Mu Meyi galimoto yoyera ija inabweranso. Ulendo uno Mathews anatsika, anavula kapusi, n'kukhala pa njerwa pansi pa khonde langa.

"Bambo Laimoni, muli bwanji?"

"Ndilipo."

"Ndamva kuti inu ndi amene mumaidziwa mphepo ya kuno. Imaleka masiku angati?"

"Chaka chino khumi ndi asanu ndi limodzi. Kwambiri khumi ndi asanu ndi anayi."

Anatulutsa foni n'kuwerengera. Anati pa masiku amenewo pakanafunika masilinda oposa makumi awiri ndi asanu, osati anayi, ndipo mlongoti umodzi sukanatha kuwadzaza ngakhale utayamba mu Juni. Pakanafunika ina iwiri. Ndiye kuti ndi nyumba imodzi yokha, osawerengera zina khumi.

"Palibe bungwe lingagule zimenezo," anatero.

"Kapena osaika mazira mu Febuluwale," ndinatero.

Anandiyang'ana.

"Kuika mu Juni. Mu Febuluwale nkhuku zizifungatira zokha," ndinapitiriza.

Analemba zimenezo m'buku lake, n'kudula mzere pansi pake.

"Mukananena chaka chatha, bambo."

"Mukanatsika m'galimoto chaka chatha."

Sanatsutse. Anafunsa ngati pamudzi pali wina wodziwa kusamala mabokosi aja. Panalibe. Mpweya woyaka susiyidwa ndi anthu osaudziwa, anatero. Anamasula mabokosi ndi masilinda n'kupita nazo. Mlongoti anati adzautenga akapeza lole. Mapiko anawamanga ndi chingwe kuti asazungulire pachabe. Lole sinabwerebe.

Gerishon ali ku Lisungwi, akuwotcherera zitsulo pamalo a bambo ake. Akuti ntchito ikuyenda. Akuti wapanganso makina ena oswera mazira, ndipo asanaike dzira amayamba wafunsa amayi okalamba a m'deralo za nyengo. Ngati n'zoona, waphunzira ndi nkhuku za alongo anga.

Makola athu akudzaza pang'onopang'ono, mmene akanadzazira popanda iye. Stelia ali ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri. Amandipatsa moni wa pakamwa pokha. Nyumba ya Ruth ndi yokhoma. Munda wake ndinalima theka, msana unakana, theka linalo lamera tchire.

Ndimanenabe kuti munthu uja anali wopusa. Anawerenga nyumba imodzi pali khumi ndi imodzi, anawerenga masiku atatu pa mtunda womwe sanauonepo mu Febuluwale, ndipo wonena zoona anali naye m'nyumba. Zomwe ananena Ruth pabwalo ndalemba mmene anazinenera. Sindinachotsepo.

Pano ndi Julayi. Mwera ukuwomba, chingwe cha pa mapiko chikulira pachulu tsiku lonse. Foni ndimakatchajitsa kumsika, ola limodzi wapansi. Ruth amaimbira Stelia Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi. Yanga sinalirepo.